Msewu Unadutsa Pakhitchini Pathu

Ku Toledo chisanu chinkalowa osaodira.
M'mawa tinkapeza mabotolo a mkaka pakhonde
ataundana, mafuta atatukula chivundikiro
ngati kamunthu kovula chipewa popereka moni.
Ine ndi Casimir tinkalimbirana kunyambita,
amayi akukalipa m'Chipolishi,
chiyankhulo chomwe ankasungira mkwiyo ndi mapemphero basi.

Ankatikulunga mapazi m'timatumba ta buledi
tisanavale jombo,
ati kuti chipale chisalowe.
Chinkalowabe.
Pofika kusukulu zala zili gwa,
Sisitere Bonaventa n'kutindandalika pafupi ndi mapaipi otentha,
kalasi yonse kununkha ubweya wonyowa ndi choko.

Bambo ankagwira kufakitale ya magalasi.
Wezulo ya folo koloko ikalira
ngakhale agalu a mumsewu mwathu ankaidziwa.
Ankabwera nsidze zitawauka,
kabokosi ka chakudya kali gobedegobede,
m'manja muli timabala tambirimbiri
tomwe sankatitchula n'komwe.
Tsiku lina anapisa m'thumba
n'kundipatsa dontho la galasi lobiriwira,
lomwe linagwa pansi n'kuumira pomwepo.
Sanati kanthu. Anangondifumbatitsa.
Mwezi wathunthu ndinkayang'anira dziko m'menemo:
tchalitchi chobiriwira, basi yobiriwira,
Mayi Pawlicki obiriwira akuyanika makabudula a amuna awo.

Nyengo yotentha tinkagona pakhonde lam'mwamba,
mawailesi a nyumba zisanu akuulutsa mpira umodzimodzi,
moti ukanayenda msewu wonse osaphonya chigoli.
Kumtsinje sitima zonyamula malasha zinkabuula
ngati ng'ombe zotopa.
Mitengo ya elimu inkagwirana manja pamwamba pathu,
mpaka chaka chija anabwera anthu a penti yofiira,
mtengo uliwonse mtanda, mtengo uliwonse mtanda,
ati yadwala.
Pofika Okutobala kumwamba kunali yeee,
nyumba zathu zikuoneka ngati zametedwa mpala.

Ndikukumbukanso usiku wa kamvulumvulu.
Sayirini italira tinatsikira m'chipinda cha pansi,
pambali pa ng'anjo ndi mabotolo a nkhaka zam'viniga.
Amayi korona m'manja, mano a Casimir akugogoda,
bambo ataima pamwamba pa masitepe, chitseko atatsegula pang'ono,
kusuzumira.
Tsekani, Leonard! Tsekani!
Iwo ayi, ndingoona.
Mtambo unali wa mtundu wa galasi langa lija,
ndipo ndinaopa kuti ndachititsa ndine.

Mphepoyo inatisiya.
Chinatitenga ndi kalata.
Envulopu yoyera, chidindo cha boma:
pano padutsa msewu waukulu.
Amayi anaiwerenga kawiri, n'kuipinda,
n'kupitiriza kusenda mbatatesi.
Tsiku losamuka anamasula chogwirira cha chitseko chakukhitchini
ndi mpeni wa batala,
n'kuponya m'chikwama chawo cha kutchalitchi.

Casimir ali ku Arizona tsopano,
komwe madzi saundana pokhapokha uwalipirire magetsi.
Ndikamuimbira foni amaseka.
Ati Bernadette, iwe umapeka,
mkaka sunkatukula chivundikiro,
Mayi Pawlicki analibe mwamuna.
Mwina. Koma mano ake ankagogoda,
zimenezo ndinazimva ndi makutu angawa.

Chaka chatha ndinabwereka galimoto
n'kuyenda pamsewu uja.
Ndinawerenga kuchokera pansanja ya tchalitchi,
yomwe idakaima, ngakhale belu analigulitsa:
nyumba ya a Zielinski, ya a Pawlicki, golosale ya pakona,
kenaka pathu.
Palibe poimika.
Malole kumbuyo, malole kumbali,
ndinadutsa pakhitchini pa amayi
liwiro la mamailosi sikisite,
pakati pa tebulo ndi sinki,
osavula ngakhale nsapato.

Dontho la galasi ndinalitaya kalekale, sindidziwa kuti.
Chogwirira chija ndicho ndili nacho.
Chimakhala m'dirowa, pamodzi ndi mabatire akutha
ndi makiyi osadziwika mwini.
Nthawi zina pofuna sizasi ndimachikhudza,
chozizira ngati Januwale,
ndipo dzanja limapotokola lokha.